Nyumba Yokonzedwa Kumene M'mbali mwa Mtsinje: Tiziona Chiyani Tisanalowemo?

Mwana wa mng'ono wanga anandiimbira foni tsiku lina mu Okutobala, mawu ali m'mwamba ndi chisangalalo. "Amayi aakulu, tapeza nyumba ku Ndirande. Angoikonza kumene. Pansi matailosi, kumwamba siling'i, mawindo agalasi, penti akununkhirabe. Ndipo lendi yake ndi yotsika kuposa kuno tikukhala." Pa nthawiyo anali ndi pakati pa miyezi isanu, pakati pake poyamba. Ndinamufunsa funso limodzi lokha: nanga eni nyumba atsitsiranji lendi atawononga ndalama zonsezo? Iye anaseka, nati mwina ndi anthu achifundo basi.

Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi kuchoka ku Nguludi, kudzera ku Limbe, mpaka ndinafika. Nyumbayo inalidi yokongola, sindinganame. Koma kuseri kwake, poyenda pang'ono chabe, kunali mtsinje wa Nasolo. Mu Okutobala Nasolo amangooneka ngati ngalande yotayamo zinyalala, moti mwana wasukulu atha kumudumpha. Ndinakweza maso n'kuona mapepala apulasitiki atakodwa m'nthambi za mtengo wa m'mbali mwake, pamwamba kuposa mutu wanga. Mapepala amenewo sanakwere okha. Anasiyidwa ndi madzi.

Amayi anzanga, nkhaniyi ikutikhudza ambiri a ife kuno ku Chiradzulu. Boma lathu lagundana ndi Blantyre, ndipo palibe mphakati umene ulibe mwana kapena mdzukulu amene akuchita lendi ku Bangwe, ku Ndirande, ku Chilobwe, ku Zingwangwa kapena ku Machinjiri. Malo ouma a pamtunda anatha kalekale, kapena ndi odula, choncho mabanja achinyamata amatsikira kumene kwatsala, m'mbali mwa Mudi, Nasolo, Naperi ndi timitsinje tina. Kwathu konkuno, pa Njuli, pa Mbulumbuzi, pa Namadzi, nyumba za lendi zikumangidwanso m'mphepete mwa madambo. Ndiye namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023, nyumba zambiri zimene zinalowa madzi zinamatidwa, kupakidwa penti, n'kuikidwanso pa lendi. Tonse tikukumbukira zimene zinaoneka ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, ndi m'mudzi wa Ntauchira kwathu kuno. M'dziko lonse anthu oposa 600 anapezeka atamwalira, ena oposa 500 anasowa, ndipo oposa 650,000 anachoka m'nyumba zawo. Makolo athu anati madzi saiwala khwawa. Penti amaiwalitsa munthu, koma madzi akudziwabe pomwe anadutsa.

Sindikunena kuti nyumba iliyonse ya kufupi ndi mtsinje ndi yoipa, ayi. Ndikudziwanso kuti munthu amagona pomwe thumba lake lafika. Chimene ndikufuna tiphunzire lero ndi kuiwerenga nyumba monga momwe ife azamba timamuwerengera mayi woyembekezera. Mayi akabwera kusikelo atatchena, sitikhutira ndi chitenje chake chatsopano. Timamutsegula chikope kuona magazi, timadina phazi kuona ngati latupa, timamvetsera mtima wa mwana. Nyumba nayo ili ndi zikope zake.

Kuwerenga khoma

Yambirani pansi. Khoma limamwa madzi a m'nthaka monga chingwe cha koloboyi chimamwera palafini, ndipo chinyontho chotere kawirikawiri chimakwera osapitirira mita imodzi. Amisiri odziwa ntchito amayala pepala lapulasitiki lochindikala pamwamba pa maziko asanayambe kuyala njerwa za khoma, kuti madziwo asakwere. Nyumba zambiri za lendi zinamangidwa popanda pepalali, ndipo silingaikidwe mosavuta nyumba itatha. Choncho gwadani, muike chikhatho pakhoma chakumunsi, kenaka muchiike pamwamba pofika paphewa. Ngati kumunsi kukuzizira kwambiri kuposa pamwamba, khomalo lili ndi madzi. Onani ngati penti watukuka ngati matuza a moto, kapena ngati pali kaufa koyera konga mchere. Gogodani pulasitala ndi chala. Akamalira ngati chigubu chopanda kanthu, wasiyana ndi njerwa.

Madzi osefukira amasiya chizindikiro china, mzere wowongoka wozungulira nyumba yonse ngati wojambulidwa ndi lula. Penti amaubisa pabalaza, koma opaka penti amatopa. Kaoneni kuseri kwa chitseko, kukhitchini, m'bafa, m'chimbudzi ndi pakhoma lakumbuyo. Onani mahinjesi: ngati lapansi lachita dzimbiri pomwe lapamwamba lili bwino, mwapeza yankho. Chitseko chotupa chakumunsi chimanenanso zomwezo. Mukapeza kakhoma kakang'ono komangidwa pakhomo, koti muzichita kudumpha polowa, dziwani kuti amene anakhalamo kale anatopa ndi kukapa madzi.

Kunyumba ya mwana wanga uja zonsezi ndinazipeza. Koma umboni weniweni unachokera kwa agogo ena ogulitsa tomato pafupi pomwepo. Nditawapatsa moni ndi kugula mulu umodzi, ndinawafunsa kuti, "Agogo, nthawi ya Freddy madzi anafika pati m'nyumba iyi?" Sanayankhe ndi pakamwa. Anangoika dzanja m'chiuno mwawo. Eni nyumba angakuuzeni zochepa, poti akufuna wolowa. Woyandikana naye amene wakhala pamalopo zaka zambiri alibe chobisa.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandidandaulitsa pa kakonzedwe ka masiku ano. Matailosi pansi ndi penti wa mafuta pakhoma zimaoneka zaukhondo, koma zimatsekera chinyontho mkati. Madzi akasowa potulukira pansi amakankhira m'makoma, akapezanso penti wa mafuta amakwera pamwamba pake. Laimu amene amayi athu ankapaka chaka ndi chaka amalola khoma kupuma, ndipo nguwi simukonda. Anthu amamunyoza kuti ndi wachikale, amadetsa zovala. Ine pa nyumba ya m'dambo ndingasankhe laimu.

Chifuwa cha mwana

Chinyontho chimabala nguwi, madontho akuda kapena obiriwira a m'ngodya, kuseri kwa kabati, pansi pa matiresi, ngakhale pa nsapato za kutchalitchi zimene mwazisunga sabata ziwiri. Nguwi imatulutsa timbewu tosaoneka timene timauluka m'chipinda, ndipo timapuma timeneto usiku wonse. Ana okhala m'nyumba zachinyontho amadwala chifuwa kawirikawiri, amalira m'chifuwa popuma, ndipo amene ali ndi mphumu imawagwira pafupipafupi. Mayi amatha ndalama kugula mankhwala a chifuwa kugolosale, mwana n'kupeza bwino akapita kwa agogo kumudzi, n'kuyambiranso akabwerera kutauni. Mukaona zotere musathamangire kunena kuti mwanayo amulodza anzake a pa lendi. Sunthani bedi muone khoma.

Zochita zake si zodula. Bedi ndi kabati zitalikirane ndi khoma mpata wolowa dzanja. Matiresi asagone pa simenti kapena pa matailosi, ndipo azituluka padzuwa. Mawindo azitsegulidwa m'mawa uliwonse, ngakhale kukuzizira, kwa ola limodzi kapena kuposera. Matewera asayanikidwe m'chipinda chogona, chifukwa madzi onse amene achoka m'thewera amakalowa m'khoma ndi m'zofunda. Pochotsa nguwi tsukani ndi madzi a sopo, kenaka pukutani ndi Jik wosungunula, kapu imodzi m'makapu khumi a madzi, mawindo ali otsegula. Musasakanize Jik ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi, chifukwa zimatulutsa mpweya wopweteka mapapo. Ntchito imeneyi asagwire mayi woyembekezera kapena munthu wa mphumu. Abambo alipo, agwire.

Ndipo mayi aliyense wa m'bungwe lathu adziwe kuwerenga kapumidwe ka mwana, monga timawaphunzitsira ophunzira athu a unamwino m'chaka choyamba. Mwana akhale atadekha, osati akulira. Mutsegule pachifuwa, muyang'ane wotchi ya pa foni, muwerenge kwa mphindi yathunthu. Khanda losakwana miyezi iwiri likamapuma ka 60 kapena kuposa, mwana wa miyezi iwiri kufikira chaka ka 50, wa chaka chimodzi kufikira zisanu ka 40, ameneyo akupuma mothamanga ndipo chingakhale chibayo. Ngati pansi pa nthiti pakulowa mkati akamakoka mpweya, ngati akulephera kuyamwa, ngati wakomoka, musadikire kuti kuche.

Mbaula

Apa ndikhalitsapo, chifukwa zina zonsezi zimadwalitsa pang'onopang'ono, koma ichi chimapha usiku umodzi. Nyumba ya kumudzi ya udzu, kapena ya malata yopanda siling'i, ili ndi mipata yambiri. Mphepo imalowa pakati pa khoma ndi denga, utsi umapeza potulukira. Nyumba ikakonzedwa, mipata yonseyo imatsekedwa. Siling'i pamwamba, magalasi m'mawindo, chitseko chothina. Ndiye mu Juni ndi Julayi chiperoni chikabwera, m'mbali mwa mtsinje kumazizira kuposa pamtunda, makoma ndi onyowa, m'nyumba muli khanda. Mayi akamaliza kuphika amaona makala akadali ofiira, amati asawonongeke, amalowetsa mbaula kuchipinda kuti mwana afundidwe, n'kutseka chitseko.

Makala akamayaka mopanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa ngati utsi wa nkhuni. Anthu ambiri amaganiza kuti makala akasiya kufuka ndiye kuti ngozi yatha, pomwe makala ofiira opanda utsi akutulutsabe mpweya umenewu. Ukalowa m'mapapo umagwira magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino maulendo oposa 200, moti magazi amayenda m'thupi koma osanyamula chimene ubongo ndi mtima zikufuna. Munthu amamva mutu, chizungulire, mseru, kufooka, kenaka tulo. Ali m'tulo sadzuka. Mwana amene ali m'mimba amapwetekeka msanga kuposa mayi ake, ndipo mpweyawu umachedwa kuchoka m'magazi ake.

Zizindikiro zake zimafanana ndi malungo, n'chifukwa chake zimasokoneza. Kusiyana kwake ndi uku: nyumba yonse imadzuka ndi mutu tsiku limodzi, ndipo akatuluka panja amayamba kupeza bwino. Mukapeza anthu otere, tsegulani zitseko ndi mawindo, atulutseni panja, thamangani nawo kuchipatala, ndipo mukanene kuti anagona ndi mbaula. Mayi woyembekezera apite ngakhale akuti wapeza bwino. Kutsegula windo pang'ono sikokwanira kuti mbaula igone m'chipinda. Khanda limafundidwa ndi thupi la mayi ake, khungu kukhungu pachifuwa, chipewa kumutu, masokosi kumapazi, nsalu pamwamba. Ndi momwe timasamalira ngakhale ana obadwa masiku asanakwane, ndipo amakula.

Fungo la penti

Mwana wanga uja ananyadira kuti penti akununkhirabe. Ine ndinamuuza kuti fungo limenelo si la mayi wapakati. Nyumba ikangopakidwa penti wa mafuta ikhale masiku angapo mawindo ali otsegula anthu asanagonemo. Koma choopsa kwambiri ndi fumbi la penti wakale. Mitundu ina ya penti wa mafuta, makamaka wachikasu ndi wofiira, inkapangidwa ndi mtovu, ndipo penti wotere anapezeka m'masitolo a m'Malawi muno atayezedwa zaka zapitazi, mpaka a Malawi Bureau of Standards analowererapo. Amisiri akamapala zitseko, mafelemu ndi zitsulo za m'mawindo, fumbi lake limagwera pansi pomwe mwana adzakwawe. Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene tingati ndi wosaopsa. Umadutsa m'magazi a mayi kufika kwa mwana m'mimba, ndipo umawononga ubongo umene ukukula, mwana n'kudzavutika kusukulu popanda wodziwa chifukwa. Musasese fumbi lotere ndi tsache louma. Kolopani ndi nsanza yonyowa kangapo, pukutaninso m'mawindo, ndipo mwana asamatafune tizidutswa ta penti wosupuka.

Chimbudzi, chitsime ndi mtsinje

Ine ndikapita kukaona nyumba ndimapempha kuona chimbudzi ndisanakhale pabalaza. M'mbali mwa mtsinje madzi a pansi ali pafupi. Dzenje la chimbudzi limadzaza ndi madzi mvula ikalimba, zonyansa n'kusefukira pabwalo pomwe ana amasewera, kapena kuyenda pansi pa nthaka kukalowa m'chitsime. Chitsime chiyenera kutalikirana ndi chimbudzi mamita 30, ndipo chikhale kumtunda kwake. M'mapuloti a m'tauni mamita 30 amenewo sapezeka. Funsani: mabanja angati akugwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi? Chikadzaza amapopa ndani? Ndipo madzi a Blantyre Water Board akasiya, monga amachitira, anthu a pano amatunga kuti?

Funso lomalizali ndi lofunika, chifukwa mtsinje ukakhala pakhomo umakopa. Mayi sangamwe madzi a Nasolo, amadziwa. Koma amati otsukira mbale okha, otsukira masamba okha, osambitsira mwana okha. Tizilombo ta taifodi ndi kolera sitifunsa kuti madziwa munatungira chiyani. Kolera amene anayamba mu Marichi 2022 anafika m'maboma onse a dziko lino, anadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Taifodi naye wakhala akuvuta mu Blantyre kwa zaka zambiri, n'chifukwa chake katemera wake anayesedwa pa ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kuyambira mu 2018, ndipo mu Meyi 2023 boma linamupereka m'dziko lonse. Tsopano mwana amalandira akakwana miyezi isanu ndi inayi. Kaoneni m'kabuku ka mdzukulu wanu ngati analandira.

Madzi akumwa, ngakhale a pa kiyosiki, athiridwe WaterGuard kapena klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, mudikire mphindi 30, muwasunge m'chigubu cha kukamwa kochepa chosalowa kapu ndi dzanja. M'nyumba musasowe mapaketi a Thanzi. Paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, ndipo wotsegula m'mimba ayambe kumwa ali pa ulendo wa kuchipatala.

Za udzudzu ndinena mwachidule, poti mumazidziwa. Pano nyumba yokonzedwa ili ndi ubwino wake, tiuvomereze: siling'i ndi mipata yotseka ya pansi pa denga zimachepetsa udzudzu wolowa usiku, makamaka ngati m'mawindo muli waya wa sefa. Koma mtsinje ukaphwera umasiya zithaphwi, ndipo maenje oumbira njerwa amasunga madzi. Kukatentha, dzira la udzudzu limasanduka udzudzu wouluka m'masiku pafupifupi khumi. Mayi woyembekezera agone m'neti usiku uliwonse, ayambe sikelo msanga, alandire Fansidar kuyambira masabata 13, mwezi ndi mwezi, kosachepera katatu. Amene amamwa Bactrim tsiku ndi tsiku salandira Fansidar, ndipo anene kusikelo. Ndaonapo neti yatsopano ili m'pepala lake chifukwa eni nyumba analetsa kukhoma msomali pa siling'i yawo yatsopano. Mangani chingwe kuchoka pa windo kufika pa felemu la chitseko, neti ipachikike.

Usiku wa mvula

Mwana wanga uja anali woti adzachira mu Febuluwale, pakati pa dzinja. Ndinakhala pansi ndi iye ndi akamwini athu, n'kuwafunsa: matenda akayamba 2 koloko usiku, mvula ikugwa, chipatala chili tsidya liti la mtsinje? Mlatho umene mumadutsa masana ndi wa simenti kapena ndi mitengo iwiri? Galimoto ingafike pakhomo pano? Akamwini anangoti, "Amayi, zimenezo sitinaganizeko." Sindinawadzudzule. Munthu amene wapeza nyumba mu Okutobala saona Febuluwale.

Madzi othamanga ongopitirira m'akakolo amatha kugwetsa munthu wamkulu, nanji mayi wa mimba ya miyezi isanu ndi inayi mumdima. Choncho mayi wokhala malo otere akonze chikwama chake mwezi wachisanu ndi chitatu usanathe: zitenje, beseni, zovala za mwana, tochi, ndi kabuku ka kusikelo kali m'pepala lapulasitiki. Masabata omaliza akadikirire kuchipatala kapena kwa achibale okhala tsidya limene kuli chipatala. Banja lonse ligwirizane kuti madzi akafika pa mwala wakuti kapena pa mtengo wakuti tikutuluka, ndipo tikupita kwa akutiakuti, osadikira kuti afike pakhomo. A zanyengo akachenjeza pa wailesi kuti kukubwera namondwe, katundu wofunika akwere pamwamba tsiku lomwelo. Madzi akakhala ofiira, akununkha dothi, akubwera ndi mitengo, kapena mukamva kugunda kuchokera kuphiri, siyani zonse, nyamulani ana.

Ife amayi a bungwe tili ndi mwayi umene namwino alibe. Namwino amaona mayi mphindi khumi kusikelo, sadziwa khoma limene amagonako. Ife timalowa m'nyumba. Tikapita kukaona mwana wobadwa kumene, titanyamula ufa, sopo ndi nkhuni, timakhala kuchipinda komweko. Pamenepo maso aziyenda. Kodi bedi lagunda khoma lakuda? Neti yapachikidwa? Pansi pali phulusa losonyeza kuti mbaula inagona momwemo? Tinene mwaulemu, monga mayi kwa mwana wake, osati ngati oyendera ukhondo a khonsolo. Ndipo ena mwa ife ndife eni nyumba za lendi. Amenewo ndikuwapempha kuti asanagule penti ayambe akumba ngalande, akweza khonde, akonza chimbudzi, ndipo wofuna nyumba akafunsa za madzi amuuze zoona.

Ana anga aja sanaisiye nyumbayo, chifukwa anali atalipira kale miyezi itatu ndipo ndalama sizikanabwerera. Tinapita kwa eni nyumba tonse atatu. Tinagwirizana, ndipo tinalemba papepala aliyense n'kusaina, kuti akamwini akumba ngalande yozungulira nyumba ndi kuika simenti m'mphepete mwa khoma lakumbuyo, ndipo mtengo wa matumba awiri a simenti uchotsedwa pa lendi ya mwezi wachinayi. Eni nyumba anayamba akana, kenaka anaona kuti khomalo ndi lawo lomwe. Mwana wanga anabwera kudzakhala kwa ine pa Chaka Chatsopano, ndipo anachira bwino mwana wamkazi. Anabwerera ku Ndirande mu Epulo mvula itasiya. Pakhoma lakumbuyo penti anali atatukuka kale kufika m'mawondo, ndipo kabati anaisunthira kukhoma la kumsewu. Akufunafuna nyumba ina chakumtunda, koma kufikira lero sanaipeze ya mtengo umene angathe.